Tiyi wa Achemwali

"Kapuyo ikhale kaye pansi, bambo a mapasa. Mapiritsi simunamwe, koma mwayamba kale kumwa zinthu zosadziwika."

Make Mapasa ananena mawuwa ali chiimire pakhomo la chipinda chosokeramo, dzanja lina lagwira kapu ya madzi, lina lafumbata mapiritsi. Amuna ake, amene mudzi wonse unkangowatcha Atelala, anali atakhala kuseri kwa makina, kapu yofuka nthunzi ili pakamwa. Pa benchi ya makasitomala panali alongo awo aakulu, mayi wa thupi lake, fulasiki ili pamiyendo. Amenewa aliyense ankawaitana kuti Achemwali, ngakhale nkhalamba zowaposa zaka.

"Zosadziwika?" anafunsa Achemwali. "Mulamu, mwana uyu ndinamubereka kumsana ine, iwe usanamere ndi mano omwe. Lero ndingamupatse chiphe?"

"Sindinatero, alamu. Adokotala anati chilichonse chachilendo tiziyamba tafunsa. Paja safunsa anadya phula."

"Adokotala akowo amuchiritsa? Tamuone mlongo wanga. Anali mnyamata wooneka bwino, lero watupa ngati thumba la simenti. Amasinza pa makina dzuwa lili paliwombo. Kulowetsa ulusi pa singano mpaka aitane mkazi. Tiyi uyu ndi masamba chabe, olengedwa ndi Mulungu, ndipo anachita kuchokera kunja, ona paketi yake. Ine ndaletsa mapiritsi? Amwe mapiritsi akewo, amwenso tiyi kuti atsuke nyansi zimene mapiritsi amasiya m'magazi."

"Pawiripawiri sipauzirika, alamu."

"Miyambi uzikaphera ana ako. Chibale ndi fupa, sichiola. Iwe mawa ukhoza kumanga katundu n'kukakwatiwa kwina, ine ameneyu ndi wanga mpaka kumanda."

Atelala ankadwala matenda a m'mutu, aja amamvetsa munthu mawu amene anzake sakuwamva. Matendawa akawagwira ankakhulupirira kuti anthu akuwathirira zinthu m'zakudya, ndipo ankakana chilichonse, madzi amene. Dzanja limodzi lokha ndi limene ankalikhulupirira, la mkazi wawo. Atatuluka m'wodi yotsekedwa imene anagonekedwamo kale kuchipatala, mkaziyo anawalumbirira kuti sadzawabisira kanthu kolowa m'kamwa mwawo, ndipo zaka zonsezi mapiritsi ankalowa chifukwa cha lumbiro limenelo. Nesi akawapatsa ankalavula, Achemwali akawapatsa ankaponya pansi pa bedi. Choncho moyo wonse wa banjali unali pa chikhatho cha mayi mmodzi, ndipo iye ankadziwa.

Atelala anaika kapu pa makina. Ankayankhula pang'onopang'ono, lilime likulemera monga mwa masiku onse.

"Mayi a mapasa, ndatopa. M'mutu muno mumakhala ngati mwayalidwa bulangete lonyowa. Asukulu andipatsa ntchito ya mayunifolomu, koma manjawa akunjenjemera. Ndilole ndiyeseko. Tiyiyu ndamuona ndi maso anga akuthiridwa, palibe chobisika."

"Chabwino, koma tikawauze adokotala."

"Ayi. Akangomva za zitsamba amakalipa anthu onse apabenchi akumva. Ndine bambo wa ana ine."

"Ndipo tsiku limene udzakanene," anawonjezera Achemwali akutseka fulasiki, "udzaneneretu kumene ukusamukira. Malonda anga a tiyiyu ndimachitira pageti la chipatala chomwecho. Ukufuna alonda andithamangitse? Denga ukugonali ndi la yani? Chipinda akusokeramo mwamuna wakochi ndi cha yani?"

Yankho linali lodziwika, nyumba ndi chipinda zonse zinali za Achemwali. Khoswe anali atakhala pamkhate. Make Mapasa anatambasula dzanja, amuna ake anatola mapiritsi n'kumeza, kenako anatenganso kapu ya tiyi ija n'kumaliza.

Tisaname, masiku otsatira anali okoma. Atelala anayamba kudzuka tambala asanatsike, makina n'kumalira mpaka anansi kumasuzumira. Ulusi ankalowetsa okha. Tsiku lina anamutsina mkazi wawo m'chiuno akusesa, n'kumuuza kuti amuyeze diresi yatsopano poti akale aja akumubisa. Make Mapasa anaseka mpaka misozi, chifukwa nthabwala yotero anali asanaimve kwa zaka. Mumtima anayamba kunena kuti mwina alamu ake aja, ndi pakamwa pawo ponse, anali ndi nzeru. Amene angamudzudzule ayambe wakhalapo ndi mwamuna wogona masana ndi usiku, aone ngati sangakondwere tsiku limene watsegula maso.

Achemwali nawo anasiya kuvutika ndi fulasiki. Anabweretsa chitini chodzadza masamba aja n'kuchiika pa shelefu kukhitchini.

"Uziwaphikira wekha, m'mawa ndi madzulo. Waona tsopano? Wakutsina khutu ndi mnansi."

Koma walira mvula walira matope. Kudzuka m'mawa kuja kunasanduka kusagona n'komwe. Nthabwala zinachuluka mpaka zinasiya kuseketsa. Atelala anayamba kuzimitsa wailesi n'kuifunditsa nsalu, ati ikumvetsera. Kenako tsiku lina masana Make Mapasa anabwera kuchokera kotunga madzi n'kupeza mayunifolomu onse, aja anali atatha kale ndi kusitidwa, ali mbwee pansi. Amuna ake anali atagwada pakati pake ndi lezala, akuphwasula mpendero wa siketi imodzi ndi imodzi.

"Bambo a mapasa, mukutani?"

"Tsika mawu. Aikamo mawaya. Ana akavala izi, zonse zoyankhula m'nyumba muno zizimveka kusukulu."

"Mwasoka nokha izi, ndi manja anu."

"N'chifukwa chake ndikudabwa. Alowa nthawi yanji?"

Mayiyo anayamba kutola mayunifolomu aja. Mapiritsi sanadumphitse tsiku ndi limodzi lomwe. Madzulo ake anawapatsa, n'kuwapempha kuti ayasame, n'kuyang'ana pansi pa lilime ngati mmene amachitira ndi mwana. Anali atamezadi. Nanga matenda analowera khomo liti?

Kuchipatala anapita atatu, poti Achemwali anakana kutsala. Adokotala anali bambo wotopa, wa magalasi omangidwa ndi kawaya, ndipo panja pa chitseko chawo panali mzere wofika kukhonde. Anamvetsera nkhani ya mawaya, anayang'ana Atelala amene ankafufuza pansi pa tebulo, kenako anatembenukira kwa Make Mapasa.

"Mayi, munene zoona. Mankhwala akumwa tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse, adokotala. Ndimawapatsa ndekha."

"Onse amene amabwera muno amatero. Munthu wakhala bwino zaka zonsezi pa mlingo womwewu, sangangoyambiranso popanda chifukwa. Mowa? Chamba?"

"Sakhudza."

"Pali china chilichonse chimene akumwa? Zitsamba, zogula m'misika, za kwa asing'anga? Anthu inu mumatipha ndi zimenezi."

Make Mapasa anatsegula pakamwa. Mawu anali atafika kale pammero. Koma Atelala anadzutsa mutu n'kumuyang'ana ndi maso ochonderera, ndipo nthawi yomweyo phazi la Achemwali linaponda lake pansi pa benchi.

"Palibe, adokotala," anayankha Achemwali. "Ife ndi anthu opemphera. Kungoti mulamu wangayu ntchito zimamuchulukira, mwina pena amaiwala. Mutu umodzi susenza denga."

Adokotala anapukusa mutu n'kulemba. Anati popeza mlingo wakale sukugwiranso, awonjezera mphamvu ya mapiritsi, ndipo zikapanda kusintha awagoneka m'wodi yotsekedwa. Atelala atamva za wodiyo anagwira mkono wa mkazi wawo mwamphamvu mpaka zala zinadinda.

Panjira Make Mapasa analephera kupirira.

"Alamu, mwandinamizira pamaso pa adokotala. Ine ndaiwalapo liti?"

"Ndakupulumutsa, ukanathokoza. Ukanatchula tiyi bwenzi tonse titanyozedwa. Matenda awa ndi a mapiritsi omwewo, tiyi akuwatulutsa. Chithupsa chimayamba chatupa chisanaphulike. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nanga akatsekeredwanso m'wodi muja?"

"Uwonjezere masamba. Supuni yodzadza, osati kumangonyenyeza ngati ukuthira mchere."

Tsiku lotsatira Achemwali atapita ku malonda awo, Make Mapasa anakhala kukhitchini akuyang'ana chitini chija. Sukulu sanapite nayo patali, koma kuwerengera masiku ankatha: tiyi analowa m'nyumba, matenda anatsatira. Akauza adokotala, banja lake ligona panja. Akakana kuphika, Achemwali abweranso ndi fulasiki yawo. Akawauza amuna ake kuti asiye, iwo akauza alongo awo dzuwa lisanalowe, poti Atelala chinsinsi sankachitha ngakhale ali bwinobwino. Anaganiza mpaka mutu unawawa, ndipo nzeru imene inabwera inaoneka yabwino kwambiri, monga zimaonekera nzeru zonse zobwera munthu atapanikizika.

Anatenga chitini n'kukakhuthulira masamba onse m'chimbudzi. Anagula masamba a tiyi wamba kugolosale, anathyola masamba a mandimu kuseri kwa nyumba n'kuwayanika padenga, anawafikisa, n'kusakaniza. Chitini chinadzadzanso. Achemwali aziona kuti tiyi akumwedwa, amuna ake azimwa madzi ofunda opanda vuto, mapiritsi azigwira ntchito yake. Palibe wokangana ndi mnzake.

Madzulo anapereka kapu. Atelala anamwa pang'ono n'kuima.

"Tiyiyu wasintha."

"Wasintha bwanji?"

"Sakuwawa ngati kale. Akununkhira zina. Wathiramo chiyani?"

Make Mapasa anawayang'ana m'maso, chifukwa ankadziwa kuti akayang'ana kumbali zatha.

"Palibe chimene ndathira. Ndi yemwe uja wa alamu. Mapiritsi atsopanowa ndi amene akusinthani lilime."

Atelala anamuyang'ana nthawi yaitali, mutu utapendekeka ngati akumvetseranso wina kumbali. Kenako anapumira m'mwamba.

"Ukanena iwe, ndimwa."

Anamwa mpaka kapu kuuma. Make Mapasa anapita kuseri kwa nyumba n'kukalira, koma anadzitonthoza kuti bodza lochiritsa Mulungu amalimvetsa.

Poyamba zinaoneka ngati wapambana. Atelala anayambanso kugona, wailesi inavundukulidwa, ndipo anakhala pansi kusokanso mipendero ija uku akuchita manyazi. Achemwali anayenda mudzi wonse kulengeza kuti tiyi wawo wagonjetsa misala, amene akukayika akaone mlongo wawo. Make Mapasa ankangomwetulira, n'kumati mumtima mwake, lankhulani alamu, mwini nkhani ndine.

Koma tulo tija sitinaime pamene tinayenera kuima. Sabata yotsatira Atelala anayamba kugona chakudya chili m'kamwa. Dovu linkatsika pa malaya iwo osadziwa. Khosi linauma, kuyenda kunasanduka kukwekwesa mapazi, ndipo akaimirira ankagwira khoma chifukwa cha chizungulire. Dzanja linkakanika kutseka sizasi.

"Mulamu, tiyi ukuwapatsa mokwanira?" anafunsa Achemwali atawaona.

"Ndikuwapatsa."

"Wonjezera. Mapiritsi awonjezera aja ndi amene akumupha. Uzimupatsa ndi masana omwe."

Make Mapasa anawonjezera madzi a mandimu aja, akudziwa kuti ndi madzi chabe. Anaganiza zochepetsa mapiritsi, koma anakumbukira wodi yotsekedwa. Anaganiza zobwerera kuchipatala tsiku lawo lisanakwane, koma akanena chiyani, Achemwali ali pageti pomwepo? Ankangoti mawa aona, mawa aona, kuiwala kuti zengerezu analinda kwawukwawu. Usana ndi usiku ankakhala mwamantha, ndipo analibe munthu ndi mmodzi yemwe womuuza.

Tsiku limene aphunzitsi anabwera kudzatenga mayunifolomu, Atelala anayesa kuimirira kuti awapatse moni. Anangoti dzandi, maso n'kutembenuka, n'kugwa chagada, mutu n'kumenya chitsulo cha makina. Make Mapasa atawagwira anapeza thupi lili gwa ngati thabwa, likutentha. Anawaitana, osayankha. Aphunzitsi aja ndi amene anathamanga kukaimitsa galimoto pamsewu.

Kuchipatala anawaika diripi, anasoka bala la m'mutu, manesi akuthamangathamanga. Achemwali anasiya malonda awo pageti n'kubwera akulira mokweza kuti aliyense adziwe mwini wodwala. Patapita nthawi adokotala aja anawaitanira onse awiri m'kachipinda kawo. Ulendo uno sanakalipe.

"Amayi, munthuyu akanatha kufa, ndipo sanachoke pangozi. Thupi lake likuonetsa ngati mankhwala amuchulukira kwambiri. Koma mlingo ndinamupatsa uja ambiri amamwa bwinobwino. Pali chimene sindikuchidziwa, ndipo ndikapanda kuchidziwa ndikhoza kumupatsa chinthu chomumaliza. Mwamupatsa mapiritsi opitirira?"

"Ayi."

"Ndiye chiyani?"

Phazi la Achemwali linayambanso kufufuza pansi, koma Make Mapasa anachotsa lake. Nyumba inali itachepa tsopano poyerekeza ndi munthu ali pa diripi uja.

"Ankamwa tiyi wa zitsamba, adokotala. Wa alamu angawa. Anayamba asanadwalenso ulendo uja."

"Tsiku lija ndinafunsa."

"Munafunsa. Ndinaopa."

Adokotala anavula magalasi n'kutikita maso.

"Tsopano ndamva theka. Zitsamba zina zimachititsa thupi kutaya mankhwalawa msanga, ngati ndowa yobooka. Munthu akumwa mokhulupirika, koma m'magazi mulibe kanthu, matenda n'kubwerera. Ine posadziwa ndinawonjezera. Koma ngati akumwabe tiyiyo, bwanji mankhwala achuluka?"

"Akumwa katatu pa tsiku," anatero Achemwali msangamsanga. "Tiyi wanga alibe mlandu, mwamva nokha."

Make Mapasa anayang'ana pansi.

"Sakumwa. Titachoka kuno ndinataya masamba onse. M'chitini muja ndinaikamo tiyi wamba ndi masamba a mandimu. Iwo sakudziwa, alamunso samadziwa."

Adokotala anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndiye mwatseka ndowa ija ine nditatsegula mpopi wonse. Mayi, kusiyitsa tiyi simunalakwe. Koma mukanandiuza, ndikanabweza mlingo pang'onopang'ono. Kawiri konse mukanandiuza." Anavalanso magalasi awo. "Mwinanso ife timakalipa kwambiri, anthu n'kumatiopa. Koma madzi akatayika saoleka, tiyeni tipulumutse amene atsala."

Achemwali anali ataimirira kale, manja ali m'chiuno.

"Mwamva, adokotala? Mwanena nokha. Akanapitiriza tiyi wanga sakanagwa. Tiyi wanga ndiye ankamuteteza ku mapiritsi anuwo, mfiti iyi n'kukataya m'chimbudzi."

"Mayi, sindinatero. Tiyi wanuyo ndiye gwero la zonsezi. Ndipo ngati mukugulitsa kwa odwala anga, tikambirana."

Koma Achemwali anali atatola kale mbali imene ankaifuna, ndipo munthu wotero ngakhale umuwerengere buku lonse amangomva mzere wake womwewo. Anatuluka akuyankhula okha m'khonde monse, kuti mkazi wa mlongo wawo wakhala akumumwetsa zinthu zachinsinsi, ndipo adokotala atsimikiza.

Make Mapasa anagona pansi pa simenti pambali pa bedi masiku onse amene amuna ake sankadziwa kanthu. Ankawapukuta dovu, kuwatembenuza, kuwanyowetsa milomo ndi kansalu. Za nyumba sanaziganizenso, ngakhale anamva kuti katundu wake wayamba kale kutulutsidwa pakhonde ndipo ana akugona kwa anansi. Pemphero lake linali limodzi, kuti munthuyu atsegule maso. Malungo anatsika, thupi linayamba kufewa, ndipo tsiku lina m'mawa iye atapita kukachapa zofunda kumpopi, Atelala anatsitsimuka. Amene anali pambali pa bedi nthawi imeneyo anali Achemwali.

Pobwera ndi beseni lake anapeza alamu ake akutuluka m'wodi, nkhope ili gwa.

"Wadzuka. Ndamuuza zonse, kuti adziwe njoka imene amagona nayo."

Make Mapasa anaika beseni pansi n'kuthamangira ku bedi. Atelala anali atatsamira pilo, bandeji ili kumutu, maso ali kudenga. Anaonda masiku ochepa omwewo. Nthawi yomweyo nesi anafika ndi kathireyi kake.

"Mwadzuka, bambo? Adokotala ati tiyambirenso pang'ono, kapiritsi kamodzi kokha. Mayi, paja amalandira kwa inu, eti? Apatseni."

Make Mapasa analandira kapiritsiko, anatunga madzi m'kapu, n'kutambasula dzanja monga ankachitira m'mawa uliwonse. Atelala anayang'ana dzanjalo osalikhudza.

"Tiyi uja anali chiyani?" anafunsa, mawu akutuluka mokoka.

"Tiyi wamba ndi masamba a mandimu, bambo a mapasa. Munalibe choipa chilichonse. Wa alamu uja ndiye ankakudwalitsani, adokotala anena, afunseni."

"Ndinakufunsa."

"Munandifunsa."

"Unandiyang'ana m'maso."

"Ndinkafuna kukupulumutsani. Ndinaopa kuti akutsekeraninso, ndinaopa kuti atithamangitsa. Ndinalibe pogwira. Ndikhululukireni, sindidzabwerezanso. Onani, madziwa ndiyambe ndamwa ine."

Anamwa pang'ono amuna ake akuona. Atelala sanakwiye, ndipo bola akanakwiya. Misozi inkangotsika m'masaya mwawo.

"Achemwali kunama ndi khalidwe lawo, ndinawazolowera. Koma iwe. Ukudziwa, mawu aja sanasiyepo kuyankhula, ngakhale masiku amene ndinali bwino. Ankangotsika. M'mawa uliwonse amandiuza kuti mkazi wakoyo akukuthirira zinthu. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwayankha kuti mukunama, dziko lonse likhoza kutero koma uyu yekha ayi. Ndi yankho lokhalo limene ndinali nalo. Tsopano ndiziwayankha chiyani?"

Make Mapasa anagwada pambali pa bedi, dzanja lili chitambasulire.

"Imwani kokha aka, bambo a mapasa. Za ine tidzakamba. Mundithamangitse ngati mukufuna, koma imwani."

Atelala anatseka pakamwa n'kutembenukira kukhoma.

Nesi anayesa naye, anawanyengerera, anabweretsa kapu ina ndi madzi ena, koma milomo inali italumana. Anadikira pang'ono, anayang'ana odwala ena amene ankamuyembekezera, kenako anayankhula motsitsa.

"Mayi, akakana mpaka masana ndikauza adokotala. Zikatero ndi jakisoni, ndipo pafunika amuna owagwira. Muno sitingawasunge akukana mankhwala, tiwasamutsira kuwodi yotsekedwa. Palibe wina kunyumba amene amamumvera?"

"Palibe," anayankha Make Mapasa. "Ndinali ine ndekha."

Nesi anapita ku bedi lotsatira. Make Mapasa anakhalabe chigwadire, akuitana amuna ake pang'onopang'ono, kapiritsi kakusungunuka ndi thukuta la m'dzanja lake.